Kodi n'zoona kuti karate, sambo ndi jiu-jitsu ya ku Brazil zinachokera ku judo?

aMwale, Chadiza

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pabwalo lino, landirani moni. Ndine mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Chadiza, ndipo akulu a sukulu andiloleza kuyambitsa kalabu imodzi ya masewera odzitetezera. Ana agawanika patatu. Anyamata ambiri akufuna karate chifukwa ndi imene anakula akuionera m'mafilimu, ena ochepa akufuna jiu-jitsu ya ku Brazil chifukwa cha nkhondo za UFC, mpikisano wa omenyana osakaniza maluso osiyanasiyana, zimene amaonera pa foni, ndipo atsikana angapo atchula judo, makamaka poti anamva kuti mulibe kumenyana nkhonya kumaso.

Mnzanga wina wa ku Chipata anandiuza kuti ndisavutike n'kusankha, nditenge judo, chifukwa masewera enawo onse ndi ana ake. Mawu amenewa andisokoneza, pakuti m'maso mwanga karate ndi judo sizifanana n'pang'ono pomwe, ina ndi ya nkhonya ndi mateche pamene ina ndi yogwirana malaya ndi kugwetsana. Ndikupempha amene mukuidziwa bwino nkhaniyi kuti mundilongosolere zimene judo inapereka kwenikweni ku masewera enawa, komanso ngati zimenezo ndi chifukwa chokwanira choti sukulu ya kumudzi ngati yathu iyambire pamenepo.

aJere, Kapata, Chipata

Aphunzitsi, mnzanuyo wanena zoona pang'ono koma wawonjezera. Karate si mwana wa judo. Inakulira pa zilumba za Okinawa, zimene lero zili mbali ya Japan, inatengako zambiri kwa omenya a ku China, ndipo inalipo kale judo isanabadwe. Koma chovala choyera chimene ana anu amachiona m'mafilimu a karate, lamba wakuda amene onse akumulakalaka, ndi dongosolo lonse lokwera makwerero mpaka kufika pa dan yoyamba, lomwe ndi khwerero loyamba la lamba wakuda, zonsezo n'zobwereka ku judo.

Mwini judo ndi Jigoro Kano wa ku Japan, amene anabadwa mu 1860. Anali mnyamata wochepa thupi amene anaphunzira jujutsu, luso la makolo lomenyana, m'masukulu awiri, Tenjin Shin'yo-ryu ndi Kito-ryu, pa nthawi imene luso limeneli linkaoneka lachikale chifukwa ulamuliro wa asamurai, ankhondo akale a ku Japan, unali utatha. Mu 1882, ali ndi zaka 21, anatsegula sukulu yake yotchedwa Kodokan m'kachipinda ka mphasa 12 pa kachisi wa Eishoji ku Tokyo. Kuti mumumvetse bwino munthu ameneyu muyenera kukumbukira kuti ntchito yake yeniyeni inali ngati yanuyo. Anali mphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri anali mkulu wa koleji yophunzitsa aphunzitsi ku Tokyo, choncho ankayang'ana jujutsu ndi maso a munthu amene akufunsa kuti ana ambirimbiri angaiphunzire bwanji popanda kuthyolana.

Yankho lake ndilo limene linasintha masewera omenyana pa dziko lonse. Masukulu akale ankaphunzitsa njira zoopsa, monga kutong'ola maso ndi kumenya pakhosi, koma poti njira zotere simungaziyese pa mnzanu ndi mphamvu zonse, ophunzira ambiri ankangozisewera mogwirizana, wina akudziwiratu kuti agwa. Kano anazichotsa njira zoopsazo pa maphunziro a tsiku ndi tsiku, nasiya zokhazo zimene anthu awiri angalimbane nazo moona, wina aliyense akukana ndi mtima wonse, ndipo mawa lake n'kubweranso ali bwinobwino. Kulimbana kotereku kumatchedwa randori. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti wophunzira amene wagwetsa anzake okana kambirimbiri ankaposa uja amene ankadziwa njira zakupha koma sanaziyesepo pa munthu wamoyo wosafuna kugwa. Kulikonse kumene mungaone lero anthu atavala malamba akulimbana moona m'kalasi, wina n'kugogoda pansi kusonyeza kuti wagonja, n'kuimirira kuyambanso, mukuona maganizo a Kano.

Za malamba zinayamba mu 1883, pamene Kano anapereka dan yoyamba kwa ophunzira ake awiri, Tomita Tsunejiro ndi Saigo Shiro, ndipo lamba wakuda anadza patapita zaka zochepa. Mu 1922 Gichin Funakoshi anabwera ku Tokyo kuchokera ku Okinawa kudzaonetsa karate, Kano anamuitana ku Kodokan, ndipo kuchokera pamenepo karate inatenga chovala ndi makwerero a judo, mwakuti Funakoshi anapereka malamba akuda oyamba mu 1924. Taekwondo ya ku Korea inazilandira kudzera ku karate. Malamba a mitundumitundu, achikasu, obiriwira ndi ena, amene ana amawakonda kwambiri, anafala kuchokera ku Ulaya, makamaka kudzera mwa Mikinosuke Kawaishi amene anaphunzitsa ku Paris kuyambira m'ma 1930, ataona kuti azungu amagwa ulesi akakhala nthawi yaitali osaona chizindikiro choti akupita patsogolo.

NaBanda, Katete

Bambo Jere alongosola bwino za karate, ine ndiwonjezere za masewera awiri amene tinganene mosakayika kuti anatulukadi m'mimba mwa judo, kenako nditsutse pang'ono.

Woyamba ndi jiu-jitsu imene anyamata anu akuifuna. Mitsuyo Maeda anali katswiri wa ku Kodokan amene anayendayenda ku America ndi ku Ulaya akumenya nkhondo zolipiritsa, nafika ku Brazil mu 1914 ndi kukhazikika mumzinda wa Belém. Mmodzi mwa amene anaphunzira kwa iye anali Carlos Gracie, amene pambuyo pake anaphunzitsa abale ake, kuphatikizapo Hélio. Masiku amenewo kunja kwa Japan anthu ambiri ankaitchulabe judo kuti jiu-jitsu, n'chifukwa chake dzinalo linakhala. A banja la Gracie anaika mtima wawo pa kulimbana kwa pansi, kumene kumafuna kupanikiza mnzako, kumupinda mkono kapena kumufinya pakhosi mpaka atagonja. Mu 1951 Masahiko Kimura wa ku Japan anagonjetsa Hélio Gracie pa bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro pomupinda mkono ndi njira yotchedwa ude garami, ndipo mpaka lero anthu a jiu-jitsu amaitchula njirayo kuti kimura. Ana anu akamamva wowulutsa nkhondo za UFC akufuula dzina limeneli, adziwe kuti akutchula munthu wa judo. Pamene Royce Gracie, wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, anapambana mpikisano woyamba wa UFC mu 1993, dziko linaona zimene zinayambira ku Belém zaka pafupifupi 80 m'mbuyomo.

Wachiwiri ndi sambo ya ku Russia. Vasili Oshchepkov analowa ku Kodokan mu 1911, nalandira lamba wakuda mu 1913, nabwerera kwawo kukaphunzitsa, ndipo judo yake inasakanikirana ndi malimbano a mitundu ya anthu a mu Soviet Union. Mapeto ake ndi omvetsa chisoni, chifukwa mu 1937, pa nthawi ya nkhanza za Stalin, anamangidwa pomuganizira kuti ndi kazitape wa Japan, nafera m'ndende chaka chomwecho. Chaka chotsatira boma linavomereza sambo ngati masewera a dzikolo, ndipo kwa nthawi yaitali dzina la Oshchepkov silinkatchulidwa.

Tsopano apa ndiye ndikusiyana ndi mnzanu uja wa ku Chipata. Kukhala kholo sikutanthauza kuti judo ya lero ikadali ndi zonse zimene inapatsa ana ake. Italowa m'masewera a Olimpiki mu 1964, malamulo ake akhala akusinthidwa kuti izioneka bwino kwa oonera. Nthawi ya kulimbana pansi inachepa, chifukwa woimbira amaimiritsa anthu msanga akaona kuti palibe chikuchitika. Kuyambira mu 2010 bungwe la International Judo Federation linachepetsa kugwira miyendo ndi manja, ndipo mu 2013 linaletseratu, motero njira zina zimene zili m'ndandanda wa Kodokan weniweni, monga morote gari, sizionekanso m'mipikisano ikuluikulu. Lero munthu wofuna kuona njira zimenezo ayenera kukaonera sambo kapena jiu-jitsu. Kano ankaphunzitsa mfundo ziwiri, kugwiritsa ntchito mphamvu mwanzeru popanda kuziwononga, ndi kupindulira limodzi iwe ndi mnzako, ndipo ine ndimakayika ngati akanakondwera kuona anthu awiri akutha mphindi zinayi akungolandana kolala, wina n'kupambana chifukwa mnzake wapatsidwa zilango zitatu.

Koma kwa atsikana anu ndinene mwamphamvu kuti asankha bwino. Kodokan inatsegula gawo la amayi mu 1926, ngakhale kuti anawaletsa kupikisana kwa zaka zambiri. Rusty Kanokogi wa ku New York ndiye anakonza mpikisano woyamba wa amayi wa dziko lonse mu 1980, ndipo mamendulo a Olimpiki a amayi anayamba kuwerengedwa ku Barcelona mu 1992. Mu 2016 Rafaela Silva, wokulira m'dera losauka la Cidade de Deus ku Rio, anatenga golide kwawo komweko, ndipo Majlinda Kelmendi anapatsa dziko la Kosovo mendulo yake yoyamba ya Olimpiki. Ronda Rousey, amene anatsegula chitseko cha amayi ku UFC, anayamba watenga mendulo ya bulonzi pa judo ku Beijing mu 2008.

aTembo, Petauke

Ine ndikuona kuti mbiri yonseyi ndi yokoma koma siyankha funso la aphunzitsi. Dziko lathu ndi la nkhonya. Mendulo yathu yoyamba ya Olimpiki inabwera ndi Keith Mwila mu 1984 pa nkhonya, ndipo Esther Phiri ndi Catherine Phiri aonetsa kuti mtsikana wa ku Zambia angathe kudya ndi masewera amenewa. Nkhonya zimafuna magolovesi ochepa ndi thumba la mchenga, pamene judo imafuna mphasa zodula ndi jekete lolimba kwa mwana aliyense. Komanso wachifwamba wa m'njira sabwera atavala jekete lokhala ndi kolala yolimba kuti mumugwire bwino. Aphunzitsi, musatengeke ndi maina a ku Japan ndi ku Brazil, yang'anani zimene sukulu yanu ingakwanitse.

aJere, Kapata, Chipata

Bambo Tembo, za mtengo wa mphasa mwanena zoona ndipo sindingakutsutseni. Za jekete n'zimene sindikuvomereza, chifukwa chimene chimagwetsa munthu pa judo si nsalu ayi, koma kumuchotsa pa mayimidwe ake, kumene a judo amati kuzushi. Taonani njira imodzi yotchedwa osoto gari. Mumamukokera mnzanu pang'ono kuti thupi lake lonse litsamire pa chidendene cha mwendo wake wamanja, chifuwa chanu n'kugunda chake, ndipo pa kamphindi kameneko mwendo wake umodziwo wasenza katundu yense ndipo sungathe kusuntha. Pamenepo mumausesa kuchokera kumbuyo ndi mwendo wanu, ndipo munthu wolemera kukuposani amagwa chagada ngati thumba la chimanga lochoka pa kaliyala wa njinga. Kaya mwamugwira malaya, kaya phewa, kaya khosi, nzeru yake ndi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake apolisi ndi asilikali a m'maiko ambiri anaitenga. Apolisi a ku Tokyo anayamba kuphunzira judo m'ma 1880, ndipo mu 1904 Yamashita Yoshitsugu ankaphunzitsa pulezidenti wa America, Theodore Roosevelt, ku White House.

Mayi NaBanda adandaula kuti Olimpiki inaidula judo nthambi, ndipo ndikuwamvetsa, koma ndi Olimpiki yomweyo imene inaichotsa m'manja mwa mtundu umodzi. Kano anali munthu woyamba wa ku Asia kulowa mu komiti ya Olimpiki mu 1909, ndipo anamwalira mu 1938 m'sitima yapamadzi akuchokera ku msonkhano wa komitiyo ku Cairo, asanaone masewera ake akulowamo. Atalowamo ku Tokyo mu 1964, a ku Japan anatenga golide m'magulu atatu a kulemera, koma m'gulu lachinayi, losayang'ana kulemera kwa munthu, limene iwo ankaliona kuti ndilo lenileni, Anton Geesink wa ku Netherlands anapanikiza Akio Kaminaga pansi mpaka nthawi inakwana. Anthu a kwawo atayamba kuthamangira pa mphasa kuti akamunyamule, Geesink anakweza dzanja kuwabweza, kuti ayambe waweramirana ndi mnzakeyo monga mwambo umanenera. A ku Japan analira tsiku limenelo, koma anaona kuti mlendo watenga luso pamodzi ndi ulemu wake. Lero dziko la France lili ndi osewera judo olembetsa ochuluka kuposa Japan yeniyeni, Teddy Riner watenga golide wa Olimpiki payekha katatu, mu 2012, 2016 ndi 2024, ndipo timu ya France yosakaniza amuna ndi akazi inagonjetsa Japan ku Tokyo komweko mu 2021, n'kubwerezanso ku Paris mu 2024.

NaPhiri, namwino, Lundazi

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma monga munthu wogwira ntchito m'chipatala ndiyenera kunenapo za ngozi, popeza nkhaniyi ikukhudza ana a eni. Aphunzitsi, musaganize kuti poti mulibe nkhonya ndiye kuti mulibe choopsa. Ku Japan komweko, wofufuza wina dzina lake Ryo Uchida anasonkhanitsa malipoti osonyeza kuti ana a sukulu oposa 100 anamwalira pa judo m'zaka pafupifupi 30 kuyambira mu 1983, ambiri a iwo chifukwa chovulala m'mutu, ndipo ambiri anali oyamba kumene. Njira imene Bambo Jere ailongosola mokoma ija, osoto gari, ndi imodzi mwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri pa ngozi zimenezi, chifukwa mwana amagwa chagada ndipo nkhongo ndiyo imayamba kufika pansi ngati sanaphunzire kugwa. Vuto silinali judo yokha, koma aphunzitsi osadziwa za kuvulala kwa ubongo, ndi chizolowezi chogwetsa ana aang'ono mobwerezabwereza poganiza kuti akuwalimbitsa mtima.

Komabe mankhwala ake ali mu judo momwemo, ndipo kwa ine ndiyo mphatso yaikulu kuposa malamba onse. Phunziro loyamba la judo ndi kugwa, kumene amati ukemi. Mwana amaphunzira kuika chibwano pachifuwa, kupinda msana kuti ukhale wozungulira, ndi kumenya pansi ndi mkono wonse, chikhatho chitayang'ana pansi, pa nthawi yomwe msana ukufika, kuti mphamvu ya kugwayo ibalalike m'malo mothera pa mutu kapena pa chigongono. Amayamba atagona, kenako atakhala, kenako atanjuta, ndipo pomaliza ataimirira. M'chipatala timalandira anthu ambiri othyoka pamkono chifukwa pogwa pa njinga kapena mumtengo wa mango anatsogoza dzanja lowongoka, ndipo mwana wozolowera ukemi sachita zimenezo kawirikawiri. Ambiri mwa ana anu sadzamenyanapo ndi wachifwamba moyo wawo wonse, koma aliyense wa iwo adzagwa.

Choncho ngati mwasankha judo, musalole mwana kugwetsedwa asanathe milungu ingapo akuphunzira kugwa, musaphatikize wamkulu thupi ndi wamng'ono pa randori, ndipo mwana akagunda mutu n'kumva chizungulire, mutu kuwawa kapena kusanza, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asabwerere pa mphasa mpaka adokotala atalola.

aMwale, Chadiza

Zikomo kwambiri nonse. Tsopano ndamvetsa kuti karate inabwereka chovala ndi makwerero, pamene jiu-jitsu ya ku Brazil ndi sambo zinatengera thupi lenileni la judo. Mawu a Mayi NaPhiri andichititsa mantha oyenera, ndipo ndaona kuti sindingayambe ndekha pongoonera mavidiyo. Funso langa lotsala ndi limene makolo adzandifunsa pa msonkhano, loti kodi kuno ku Zambia judo ili ndi kumene ingamufikitse mwana, kapena ndi ya maiko olemera okha monga Bambo Tembo akunenera?

NaBanda, Katete

Aphunzitsi, makolowo mukawauze kuti judo si yachilendo m'dziko muno. Amene amatchulidwa kwambiri pa kukula kwake ndi Bambo Jude McKenna, wansembe wa ku Ireland wa chipani cha Capuchin, amene anafika ku Zambia mu 1966 naphunzitsa judo kwa zaka zambiri, mpaka boma la Japan linamupatsa ulemu wa Order of the Rising Sun mu 2019. Boas Munyonga anaimira dziko lathu ku Olimpiki ya ku London mu 2012, natenga mendulo ya bulonzi pa masewera a Commonwealth ku Glasgow mu 2014. Mathews Punza anadabwitsa anthu ku Rio mu 2016 pogonjetsa Golan Pollack wa ku Israel, amene chaka cham'mbuyo mwake anali atatenga bulonzi pa mpikisano wa dziko lonse. Steven Mungandu anapita ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndipo Simon Zulu anapita ku ya ku Paris mu 2024. Mendulo ya Olimpiki pa judo sitinaitengebe, ndipo mu Africa muno amene aitengapo ndi a kumpoto, monga Mohamed Ali Rashwan wa ku Egypt amene anatenga siliva mu 1984 atagonja kwa Yasuhiro Yamashita, ndi Amar Benikhlef ndi Soraya Haddad a ku Algeria mu 2008. Kuno kumwera, Michaela Whitebooi wa ku South Africa anatenga golide pa masewera a Commonwealth ku Birmingham mu 2022.

Chovuta chenicheni kwa ife a kum'mawa ndi mtunda, chifukwa mipikisano yambiri ndi aphunzitsi odziwa ali ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi mu msewu wa Great East, ndipo ndalama ya ulendo wa ana khumi si yochepa kwa sukulu ya ku Chadiza. Ndikukulangizani kuti mulembere kalata bungwe la Judo Association of Zambia kudzera kwa akulu a sukulu yanu, muwafunse ngati angakutumizireni mphunzitsi wa lamba wakuda kapena kukuitanani ku maphunziro a aphunzitsi, ndipo mufunsenso ngati ali ndi majekete akale oti angakugawireni. Za mphasa, pamene mukudikira zenizeni, utuchi wa kwa opala matabwa wothiridwa mokhuthala m'bwalo lotchingidwa ndi matabwa m'mbali, n'kuphimbidwa ndi tenti yokokedwa molimba, ungathe kukwanira pa maphunziro a kugwa ndi kulimbana kwa pansi, bola muziusalaza kawirikawiri chifukwa umathawira m'mbali n'kusiya pakati powuma. Kugwetsana moimirira kudikire kufikira mphunzitsiyo atabwera n'kuona yekha pamene ana azigwera.